Ndani amatilankhulira pa kayendetsedwe ka intaneti?

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mkangano umene unabuka pa WSIS, msonkhano waukulu wa United Nations wokambirana za intaneti ndi luso lofalitsira mauthenga, ku Tunis mu 2005 sunathebe mpaka lero. Kumeneko mayiko anavomereza kuti pakhale mgwirizano wozama pa kayendetsedwe ka intaneti, koma aliyense anabwerako ndi tanthauzo lakelake: ena ankati maboma ndiwo atsogolere kudzera ku United Nations, pamene ena ankati maboma, makampani, akatswiri ndi mabungwe omwe si aboma akhale pa mphasa imodzi popanda wamkulu.

Kusamvanaku kunaonekera poyera ku Dubai mu 2012, pamene mayiko 89 anasaina pangano latsopano la ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi njira zina zotumizira mauthenga, koma mayiko 55, kuphatikizapo United States, sanasaine.

Ine ndimaima ndi amene amafuna kuti mbali zonse zizimveka, komabe sindingabise kuti dandaulo la mbali inayo lili ndi mutu. Bwalo la IGF lokambiranapo za kayendetsedwe ka intaneti, lomwe linakumana koyamba ku Athens mu 2006, limalola aliyense kulankhula, koma silipanga chigamulo chilichonse chimene mayiko ayenera kutsatira. Ku ICANN, komwe amayang'anira mayina a pa intaneti, maboma amangopereka uphungu kudzera mu komiti yawo. Ndipo amene amamvekadi m'misonkhanoyi ndi omwe ali ndi ndalama zoyendera chaka ndi chaka, odziwa bwino Chingelezi, okhalanso ndi nthawi yowerenga zikalata zambirimbiri. Bungwe laling'ono lochokera ku dziko losauka limatchulidwa kuti linaitanidwa, chikhalirecho nthumwi yake inalephera ngakhale kupeza chitupa cholowera m'dziko lochitikira msonkhanolo.