Kusintha kanyimbo koyatsira PS3: mafayilo ndi awiri, osati imodzi

PS3 (PlayStation 3, makina a magemu a Sony) ikamayaka imalira kawiri. Choyamba ndi ka "pii" kamene kamamveka mukangodina batani, kenako kanyimbo kobwera limodzi ndi chizindikiro cha makinawo pa TV. Ka "pii" kaja musavutike nako, kamachokera m'kasipika kakang'ono komatidwa pabolodi m'kati ndipo palibe fayilo yoti musinthe. Kanyimbo ndiye kamatheka. Kanasungidwa ngati mafayilo wamba a mawu a mtundu wa AC3, coldboot_stereo.ac3 ndi coldboot_multi.ac3, mu foda ya /dev_flash/vsh/resource. Sony nayo inakasinthapo mu 2009 itatulutsa firmware (pulogalamu yoyendetsa makinawo) 3.00, nthawi yomwe PS3 Slim inkafika pamsika.

Foda imeneyi ndi yotseka, choncho makina anu ayenera kukhala otsegulidwa kale, kutanthauza kuti maloko a Sony anachotsedwa. Tembenuzani makinawo muwerenge nambala yoyamba ndi CECH. Zazikulu zakale zija zonse, komanso ma Slim a CECH-20, CECH-21 ndi ambiri a CECH-25, amalola CFW (firmware yosinthidwa, yochotsa maloko a Sony) ngati ya Evilnat. Ma CECH-30 ndi ma Super Slim a 2012 salola CFW, amayendera PS3HEN (mwachidule HEN), pulogalamu yotsegula makina otere pang'ono chabe. Kanyimboka kamasinthika konsekonse. Koma inu a HEN, khudzani mafayilo a mawu okhawa basi. Mukatengera mafayilo a .sprx kapena .self kuchokera ku makina a CFW, anuwo akhoza kulephera kufikanso pa menyu. Dziwaninso kuti kulowa pa PlayStation Network ndi makina otsegulidwa kukhoza kukutsekeretsani akaunti.

Ntchito yaikulu ili pakukonza mawu, ndipo ambiri amagwa pomwepa. Kutenga MP3 n'kungoisintha dzina kuti lithere ndi .ac3 sikuthandiza, chifukwa m'kati ikadali MP3 ndipo makina amangoyaka chete. Chimodzimodzi mawu ojambula pa WhatsApp, amene amakhala a mtundu wa Opus. Tsegulani mawu anu mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, mudule kachidutswa kosapitirira masekondi 8. Ndi bwino kutsegula kaye fayilo yoyambirira ya Sony kuti muone kutalika kwake, yanuyo isaipose. Ikatalika kwambiri imaduka pakati kapena kulowerera pa menyu. Kumayambiriro siyani sekondi imodzi yopanda mawu, chifukwa ma TV ena amachedwa kugwirizana ndi HDMI ndipo amameza chiyambi. Ngati munajambula moni woti makasitomala a pashopu yanu ya magemu azimva, ndiye kuti "Takulandirani" adzamveka "landirani". Kumapeto tsitsani mawu pang'onopang'ono kwa theka la sekondi, apo ayi sipika imachita "thu!" pothera. Mphamvu ya mawu ilekezereni pa -3 dB. Nyimbo za masiku ano amazikweza mpaka m'khosi, ndipo munthu woyatsa makina usiku anzake atagona sangakuthokozeni.

Audacity payokha situlutsa AC3 pokhapokha mutaiwonjezera FFmpeg, pulogalamu yosinthira mitundu ya mafayilo a mawu. Njira yachidule ndi kusunga mawuwo ngati WAV ya dzina loti mawu.wav n'kulemba malamulo awiri awa:

ffmpeg -i mawu.wav -ar 48000 -ac 2 -b:a 640k coldboot_stereo.ac3

ffmpeg -i mawu.wav -ar 48000 -ac 6 -b:a 640k coldboot_multi.ac3

48000 ndiye mlingo umene makina amayembekezera. Nyimbo zambiri zimabwera pa 44100, choncho musaidumphe. 640k ndi malire a AC3, ndipo pa mlingo umenewu sekondi iliyonse imadya mabaiti 80,000. Masekondi 8 ndi mabaiti 640,000. Mukaona fayilo yanu yafika ma MB awiri kapena atatu, dziwani kuti simunadule bwino, ndipo musailowetse, poti malo otsala mu dev_flash ndi ochepa zedi.

Nanga awiri chifukwa chiyani? Makina amasankha okha fayilo yoti aimbe potengera zimene munaika pa Sound Settings. Ngati mawu akupita ku masipika awiri, imalira ya stereo. Ngati makina akuona kuti kuli 5.1 (masipika asanu ndi imodzi ya besi), imalira ya multi. Ndiye munthu amasintha imodzi yokha, kuyatsa makina n'kumva kanyimbo kakale komweko, kenako ayambe kutukwana pulogalamu yosalakwa. Kapena zimayenda kunyumba, koma akapita nawo makinawo pa TV ya mnzake, kakale kaja kabwereranso. Sinthani onse awiri, nkhani ithe.

Tsopano kulowetsa. dev_flash salembamo mwachindunji, mumadzera pa khomo lina lotchedwa /dev_blind, lomwe ndi malo omwewo koma otsegula. Mu multiMAN, pulogalamu ya makina otsegulidwa yoonera ndi kukopera mafayilo, pitani pa Settings muyatse chilolezo cholembera mu /dev_flash, ndipo /dev_blind idzaonekera mu File Manager. Pulogalamu ina, webMAN MOD, nayonso ili ndi pomwe mumayatsira zomwezo. Musanapondereze chilichonse, koperani mafayilo awiri a Sony muwasunge pa fulashi ndi pa kompyuta. Fulashiyo ikhale ya FAT32. Kenako koperani anu atsopano ku /dev_blind/vsh/resource, muvomere kuti alowe m'malo mwa akale. Mayina akhale ndendende, zilembo zazing'ono zokhazokha. Windows ili ndi khalidwe lobisa mathero a mayina, moti fayilo imene mukuiona ngati coldboot_stereo.ac3 ikhoza kukhala coldboot_stereo.ac3.ac3. Otumiza mafayilo kuchokera pa kompyuta kudzera pa FTP ndi pulogalamu ya FileZilla, gwiritsani waya wa LAN osati Wi-Fi, ndipo mtundu wa katumizidwe muike pa Binary. Mukamaliza tsekani /dev_blind, thimitsani makina, muyatsenso.

Kukopera kumeneku kumatenga kanthawi kochepa kwambiri, komabe magetsi asathimire pompo. Pa makina oyambirira, CECHA mpaka CECHG, dev_flash ili mu tchipi ta NAND ta 256 MB pabolodi penipeni. Kuyambira CECHH kupita m'tsogolo ambiri ali ndi tchipi ya NOR ya 16 MB, ndipo dev_flash imakhala pa hadi disiki, zomwe zimachepetsako ngozi. Ngati muli ndi yakale ija ndipo magetsi akwanuko ndi aja ongophethiraphethira, lumikizani ku UPS kapena ku invetala. Ine ndimati popanda zimenezo, dikirani tsiku lina.

Fayilo ya mawu yolakwika nthawi zambiri imangopangitsa makina kuyaka chete, ndipo mumangobwezera yoyambirira. Choopsa ndi chala choterera n'kufufuta fayilo ina ya mu foda yomweyo, monga coldboot.raf ya chizindikiro kapena ma .rco a menyu. Zikatero TV imangoti bii, ndipo muyenera kuikanso firmware motere. Makina ali pa kuwala kofiira, gwirani batani mpaka ayake n'kuthimanso, siyani, gwiraninso mpaka mumve "pii pii" motsatizana. Lumikizani padi ndi waya wa USB, musankhe nambala 6, System Update. Pa fulashi pakhale foda ya PS3, m'kati mwake UPDATE, m'menemo PS3UPDAT.PUP. Ikani firmware yomweyo imene inalimo: a CFW abwezere CFW, a HEN abwezere HFW (firmware imene HEN imayendera), chifukwa ya Sony yeniyeni imatsekanso makina.

Firmware iliyonse imene mwaika, kaya yokonzera kaya yatsopano, imalemba dev_flash yonse kachiwiri ndipo kanyimbo kanu kamapita nayo. Mafayilo anu awiri aja asiyeni pa fulashi kuti mudzangowakoperanso.