Mmene tinapezera malo a udokotala ku India mwana atalemba NEET

Kuno ku India kukhoza NEET, mayeso olowera sukulu ya udokotala, sikuti walowa kale koleji ya udokotala ayi, mayesowo amangokupatsa rank, nambala yako pa mndandanda wa dziko lonse, ndipo olemba amaposa 2 miliyoni. Malowo amagawidwa pa counselling, ndondomeko yomwe umasankha makoleji pa intaneti nkupatsidwa malo potengera rank yako. Ine ndinadutsamo ndi mwana wa aneba anga kuno ku Bengaluru, bambo ake za kompyuta sazitha ndiye laputopu inali yanga.

Makomo ndi awiri. Malo 15 pa 100 alionse m'makoleji aboma amagawa a MCC, komiti ya boma lalikulu la India, amenewo amalimbirana ana a dziko lonse, 85 otsalawo ndi a state yako, kwa ife Karnataka amagawa a KEA, bungwe la mayeso la state-yo. Tinalembetsa konse kuwiri. Ku MCC tinalipira 1,000 rupees yosabweza ndi dipoziti ya 10,000, koma ukafuna ma deemed university, omwe ambiri si aboma, dipoziti yokha inali 200,000, ifeyo tinangowadumpha amenewo.

Pomwe pali nkhani ndi posanja makoleji. Umalemba ochuluka mmene ungafunire koma motsatana, kompyuta imayamba ndi mwana wa rank 1 kumatsika, ikafika pa iwe imayang'ana koleji yako yoyamba, ngati yadzadza ipita pa yachiwiri, choncho mpaka ipeze pomwe pali mpata. Ndiye kuika koleji yapamwamba poyamba sikukuluzitsa kanthu. Bambo ake amati tiyambe ndi yomwe "tingaithe", ndinawauza kuti ayi bambo, kutero ikupatsani yomweyo ngakhale yabwino ija inali ndi malo. Chomwe tinachotsa ndi makoleji oti fizi sangaikwanitse komanso akutali koti mayi ake sangalole. Mukamaona ma rank omwe anatsekera chaka chatha muziona a gulu lanu, poti malo ena ndi osungidwira magulu a anthu otsalira kapena osauka, ku MCC gulu la OBC 27, SC 15, EWS 10, ST 7.5 pa 100. Mukatha kusanja mumakhoma mndandandawo kuti usasinthenso, osakhoma umadzikhomera wokha nthawi ikakwana.

Round yoyamba ya ku MCC anamupatsa koleji ya pakatikati pa mndandanda. Apa ukhoza kukana osataya dipoziti, koma ife tinapita ndi masatifiketi enieni osati mafotokope, nkumulembetsa, nkusankha upgrade, kuti mpata ukapezeka pa koleji yomwe tinaika pamwamba amusamutsire kumeneko. Round yachiwiri anakwera, malo akale aja anangochoka okha. Yachiwiriyi ndiye yosaseweretsa, akakupatsa malo iwe osapita, dipoziti ija yapita.