Azakhali andiletsa kunena kuti iwo ndi anesi

Tulo takana, ndiye ndangoti ndilembe. Nkhani yake ndi ya Azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo anga, amene ndinawaperekeza lero kukayezetsa BP.

Titalowa m'chipinda choyezera, namwino wake, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, sanadzutse ndi mutu womwe. Azakhali anachedwa kutulutsa kabuku kawo ka kuchipatala m'kachikwama, poti zala zawo zinapindika ndi nyamakazi. Mtsikanayo anati, "Agogo, fulumirani, si inu nokha pano. Mumabweranji osakonzeka?" Ndinapsa mtima. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti akulankhula ndi ndani, koma Azakhali ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni kopweteka. Kenako anati, "Pepani anesi, manjawa ndi amene akundichedwetsa." Anapinda okha mkono wa bulauzi, n'kuika dzanja patebulo chogadamitsa bwinobwino asanauzidwe. Aliyense woyang'anitsitsa akadadziwa kuti mayi ameneyu makina a BP si achilendo kwa iye. Mtsikanayo sanayang'ane.

Tili pansi pa mtengo kudikira kabaza ndinawafunsa chifukwa chake andiletsa.

"Ukadamuuza kuti ndine nesi, akadatani?" anatero. "Akadachita manyazi n'kundipatsa ulemu, eti? Nanga mayi uja anali pambuyo pathu ndi mwana kumsana, iye akadanena kuti ndi ndani?"

Ndinati zimenezo n'zina, munthu wamkulu sakalipiridwa choncho.

"Mzere uja unauona pamene unathera? Nanga anesi unaona angati?"

Anali mmodzi, n'zoona. Koma ndinakanabe. Ndinati kutopa si chilolezo chonyozera anthu, ndipo mpaka pano ndikadali pomwepo. Odwala ambiri amaopa chipatala chifukwa cha pakamwa pa ogwira ntchito ena, amakhala kunyumba mpaka matenda atakula. Ndinawauza zonsezi, mwinanso mokweza mawu, mpaka wa kabaza wina anatembenuka.

"Mwana wanga, sindinati wachita bwino," anatero Azakhali. "Ndati ndikumudziwa."

Apa m'pamene anayamba kufotokoza zimene sanandiuzepo chikhalire ine ndinakulira m'nyumba mwawo. Za ku Nkhoma ndimazidziwa, amazikonda kuzinena: kuti anaphunzira unamwino ndi uzamba pa chipatala cha mishoni chija, chimene chinayamba mu 1915, kuti ntchito inkayamba ndi pemphero m'mawa uliwonse, kuti majakisoni anali a galasi ndipo ankawawiritsa n'kuwagwiritsanso ntchito, kuti mtima wa mwana m'mimba ankaumvera ndi kachitsulo konga lipenga, wotchi ili pachifuwa. Zimenezo amazinena akuseka. Za lero anazinena akuyang'ana kumsewu.

Anati Edzi itapezeka m'Malawi muno mu 1985, sipanapite zaka zambiri mawodi anadzaza. Kumene ankagwira ntchito nthawi imeneyo odwala ankagona pabedi, pansi pa bedi, ndi m'khonde pamphasa. Anthu sankautchula dzina matendawo, ankangoti kaliwondewonde, ena ankati matenda a masiku ano. Chowapatsa panalibe kupatula panado, madzi a mchere ndi shuga oletsa kutha madzi m'thupi, ndi kuwasambitsa. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, iwo atatsala pang'ono kupuma. Usiku wina, akuti, atatseka maso a anthu angapo, mayi wina wodikirira mwana wake anawagwira yunifolomu kuti abwere adzamuone. Iwo anamukalipira kuti asiye kuwasokoneza, si iye yekha amene ali ndi wodwala. Pamene ankafika pabedipo mnyamatayo anali atapita.

"Sindikadamupulumutsa, zimenezo ndikudziwa," anatero. "Koma mayi uja anapita kwawo ndi mawu anga aja. Ndimamutchulabe m'pemphero, ngakhale dzina lake sindinalidziwe."

Sindinayankhe. Bambo anga anamwalira zaka zomwezo, mayi anatsatira. Azakhali anatitenga ine ndi achimwene, kuwonjezera pa ana awo ndi ana a mng'ono wawo. Malipiro a nesi ndi amene anatilipirira fizi tonsefe. Ndimakumbukira akubwera m'mawa kuchokera ku naiti, akununkha mankhwala opopera m'wodi, n'kuyamba kutiphikira phala asanavule ndi nsapato zomwe. Ine ndinkangoona kuti ndi mayi wolimba, wosalira. Sindinadzifunsepo kuti usiku umenewo waona zotani.

Atapuma ntchito sanapume. Anthu ankagogoda usiku: mwana watentha thupi, wina wapsa ndi phala, mayi wayamba kumva kupweteka. Boma litaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007, amayi ena ankabwera kwa iwo mwakachetechete, poganiza kuti poti ndi mzamba wophunzira awathandizira m'nyumba. Ankakana, koma sankawabweza okha. Ankamanga chitenje, n'kudzutsa mnyamata wa njinga, n'kupita nawo kuchipatala mpaka mwana atabadwa. Ku Chigwirizano cha Amayi ndi iwo amene amadziwa kuti ndani wagona, ndani sanadye, ndani wasiya kumwa mankhwala. Pamaliro amakhala m'gulu losambitsa thupi ndipo amaphunzitsa anzawo kuvala magolovesi.

Ndikamalemba chonchi ndikuona kuti chandilanda tulo si mtsikana uja yekha. BP yawo inali yokwera, ndinaona nkhope yawo atawerenga manambala pamakinapo, poti amawadziwa tanthauzo lake kuposa ine. Amakhala ndi kamdzukulu ka sukulu basi. Mayi amene anasambitsa anthu osawerengeka tsopano amavutika kufinya thaulo. Ndawapempha kambirimbiri kuti adzakhale nane ku Lilongwe, ndipo lero ndinayambitsanso. Anati, "Ndikakhale m'mpanda ndizikaonera TV? Nanga anthu anga kuno?" Anthu awo. Enawo ndi amene sabwera n'komwe kudzawatungira madzi. Izi zimandiwawa kwambiri, ndipo ndikazinena amandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Kunyumba anatulutsa Baibulo lawo lakutha chikuto, ndinaganiza kuti akufuna kundiwerengera vesi loti ndikhululuke. Ayi, ankafuna kapepala kamene anasungamo, kolembapo mayina a mankhwala awo ndi nthawi zomwera, zolembedwa ndi zilembo zawo zija zoongoka. Anakonza mulingo umodzi molingana ndi zimene mtsikana uja analemba m'kabuku. Anati walemba zolondola, mutu wake uli bwino, akungofunika wina womuthandiza pa mzere. Ine ndinati akufunikanso wina womulangiza. Anati mwina onse awiri.

Ndisananyamuke anandituma kuti Loweruka ndikabwere ndi sopo ndi shuga, si zawo ayi, akufuna kukazonda mayi wina wa mumpingo amene wachita sitiroko, ndipo ndi mtunda ndithu. Ndinati ndi BP imeneyi sapita wapansi. Anati ndiye ndilipire kabaza. Mawa ndiwaimbira achimwene ku Johannesburg kuti tikambirane zopeza munthu wamkulu woti azigona nawo, ngakhale ndikudziwa kale kuti Azakhali akamva ayamba kufunsa ngati munthuyo ali ndi ana, ngati anawo akudya, ndipo pomaliza adzakhala iwo akumusamala iyeyo. Kaya tiyambira pati.