Akuti tigwetse, tiyambirenso

Lachitatu usiku. Tulo tathawa, ndiye bola ndilembe. Mawu a mnyamata amene ndinamuitana kuti adzaone pulogalamu yathu ya pakompyuta akungozungulira m'mutu: "Achimwene, chinthuchi chinavunda kalekale. Tingogwetsa, tiyambirenso."

Patha miyezi iwiri chilandirireni pulogalamu yolembera fizi m'masukulu, yomwe anapanga mnzanga amene pano ali ku Joni ndipo uthenga wa pa WhatsApp amayankha patatha masiku anayi. Timasukulu tingapo ta pulayiveti tikuigwiritsabe ntchito, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinalonjeza kuti teremu ikubwerayi aona zatsopano. Za khodi, malangizo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu, ndimangodziwa pamwambamwamba, n'chifukwa chake ndinafuna munthu.

Atangotsegula mafayilo pa laputopu yake anayamba kuseka. Akuti zonse zinalembedwa mu PHP 5.6 (PHP ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu), imene eni ake anasiya kuisamalira kumapeto kwa 2018. Njira yomwe pulogalamuyi imatengera zinthu mu database (nkhokwe yosungira maina ndi manambala), ija ya mysql_query, inachotsedwa mu PHP 7 yomwe inatuluka mu 2015, moti tsiku limene eni seva (kompyuta imene pulogalamuyi imakhalamo) adzakweze makina awo, zonse zidzangoti zii. Mapasiwedi a mabasa, osunga ndalama za sukulu, anabisidwa ndi MD5, loko amene masiku ano amathyoledwa mosavuta. Git, chida chosunga mbiri ya zonse zosinthidwa m'khodi, palibe. Pali mafoda atatu okha: final, final2 ndi final_zenizeni. Apa nanenso ndinaseka, ngakhale mumtima munkawawa.

Tinasemphana atafika pa danga lolembedwa kuti "matumba". Iye amvekere, "Izi ndiye zinyalala, mu pulogalamu ya fizi matumba akudzatani?" Chala chinali kale pa batani lofufutira. Ndinamugwira mkono. Pali sukulu ina kumene makolo ena amalipira ndi chimanga akakolola, ndipo a basa amalemba matumba a makilogalamu 50 n'kuwerengera pa mtengo wa mwezi umenewo. Danga limenelo mnzanga analiwonjezera usiku wina a hedi atamuimbira foni akukalipa. Chimodzimodzi kamzere konyansa kosunga chilichonse munthu akangolemba dzina limodzi: kanabadwa magetsi atazima pakati pa kalembera, maina a kalasi yonse n'kusowa. Palibe pepala pamene zimenezi zinalembedwa. Zili m'khodi yovundayo basi, ndi m'mutu mwa munthu amene ali ku Joni. Safunsa anadya phula, ndinatero, ndipo nkhope yake inagwa.

Ndinamukumbutsa za Netscape, opanga pulogalamu yotsegulira intaneti, amene mu 1998 anaganiza zotaya khodi yakale n'kuyamba ina. Netscape 6 inadzatuluka mu Novembala 2000, anthu atasamukira kale ku Internet Explorer, pulogalamu yopikisana nayo. Ndinkayesa ndamutseka pakamwa. Iye osatekeseka: "Nanga Firefox yotsegulira intaneti ija inachokera kuti, achimwene? Si m'khodi yatsopano yomweyo?" Ndinangomwa tiyi wanga wozizira. Ana a masiku ano amawerenga.

Mwina chikundipweteka si khodi ayi. Mwina ndi momwe anasekera. Ndinalipo ine pamene chinthuchi chinkapangidwa, pa tebulo la m'chipinda cha lendi, bandulo ikutha pakati pa ntchito. Kumva wina akuchitcha chovunda kuli ngati akunyoza nyumba imene unaumba nawo njerwa zake, ngakhale ukudziwa bwino kuti ikudontha.

Komanso ndalama. Seva timalipira m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masukulu sanawonjezere olo tambala. Kulemba zatsopano akuti miyezi isanu. Ndimudyetsa chiyani miyezi isanu? Kukonza pang'onopang'ono akuti angathe, koma ananena ngati munthu amene wamupempha kuchapa matewera a mwana wa eni.

Ndiye pali domain, adiresi ya pulogalamuyi pa intaneti, yomwe ikadali m'dzina la mnzangayo, pa imelo imene iye mwini akuti anaiwala pasiwedi yake. Ndamulemberanso madzulo ano. Timizere tiwiri tabuluu taoneka cha m'ma 9 koloko, yankho ayi.

Mnyamatayu wati abwera Loweruka ndi mapulani awiri. Ndamuuza kuti asanalembe kanthu tikwere minibasi tikacheze ndi a basa a ku sukulu ya matumba ija. Wavomera, koma wafunsa ngati thiransipoti ndilipira ine.