Sewero la ana aliduladula ndi cholembera chofiira

Sabata yathayi kuno ku Dedza inali ya masiku onse: chisanu cholasa m'mafupa, ana a Fomu 3 kuunjikana pa buku limodzi, choko kuchita kuthyolerana, kuchonga mpaka maso kufiira. Chandipsetsa mtima ndi cha Lachinayi.

Ana a kalabu ya zisudzo adalemba okha sewero loti adzachite pa tsiku la makolo. Muli mfumu yolemba akufa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, makuponi ake n'kumagulitsa kwa mavenda. Mtsikana wina amavala chipewa cha agogo ake n'kumaitana mayina mwaulemu wonse, anzake ali chigonere ngati mitembo n'kumayankha kuti "ndilipo". Ngakhale alonda adaseka mpaka misozi.

Ahedi adaitanitsa sewerolo, n'kubwera nalo chigawo chonsecho atachikhwatcha ndi cholembera chofiira.

"Madamu, kudzabwera mafumu ndi akomiti. Mukufuna tidzalowe pati? Achite za atsikana otenga mimba ali pasukulu."

"Koma ahedi, anawa sadatchule munthu."

"Kuopsa kwake n'komweko. Aliyense adzayesa akunena iye."

Nthawi ya Kamuzu, lamulo la 1968 lidakhazikitsa Censorship Board, bungwe la boma lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo sewero silinkaonetsedwa bungwelo lisadavomereze. Buku la Animal Farm lidali loletsedwa. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zidasindikizidwa ku London mu 1981, mu 1985 adazichotsa m'masitolo ndi m'malaibulale, mwini wake n'kukamutsekera ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. N'chifukwa chake alembi a nthawi imeneyo ankabisa mawu m'zining'a, za nanzikambe ndi Napolo. Kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula boma ya mu 1992, kungopezeka nayo udali mlandu. Komatu apo padali lamulo, apolisi ndi ndende. Ahedi athu palibe wawatuma, kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro kulibe, angodzitengera okha ntchito ya Board, yopanda ndi alawansi yomwe.

Lachisanu tidayamba kuyeserera la mimba lija, ana ambiri osabwera. Mtsikana wa chipewa uja adandifunsa ngati sewero lawo linali ndi bodza, ndidamuuza kuti ayi. Nkhaniyi ndikupita nayo ku msonkhano wa aphunzitsi Lolemba, ngakhale adepyute andiuza kale kuti ajenda yadzaza ndi za ndalama za chitukuko.