Kamzere Kakumanzere kwa Theorem

Lolemba m'mawa a Dokotala anafika ndi fulashi m'thumba la malaya. Amaphunzitsa masamu ku Zomba, ndipo notsi zawo za chaka chachiwiri ndine ndimazikonza mu LaTeX, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera zamasamu, zisanapite kwa ophunzira.

"Achimwene, zonse zili bwino. Koma ana anga saona pamene theorem yayambira ndi pamene yathera. Mungondiikira kamzere kumanzere, basi."

Ndinavomera msangamsanga, ndikuyesa kuti ikamakwana nthawi ya tiyi ndikhala nditamaliza.

Dandaulo lawo linali loona. Notsizo analemba ndi amsthm, package (chida choonjezera pa LaTeX) ya American Mathematical Society, imene imalemba mawu a theorem, mfundo ya masamu yotsimikizidwa, m'zilembo zopendekera. Pa kompyuta zimaoneka bwino. Koma wophunzira wathu sawerengera pa kompyuta. Amawerenga fotokope ya fotokope ya mnzake, ndipo zikafika pamenepo, zopendekera ndi zoongoka zimangofanana.

Ndinayamba ndi mdframed, package yojambula bokosi mozungulira mawu: kuzimitsa mzere wapamwamba, wapansi ndi wakumanja, kusiya wakumanzere wokha. Ma theorem aafupi anaoneka okongola. Lachiwiri ndinafika pa chaputala cha ma series, pamene theorem imodzi ili ndi zigawo zisanu ndi ma equation aataliatali, ndipo inadukira pakati pa masamba awiri moipa, kusiya malo oyera aakulu pansi pa tsamba. Ndinalimbana nayo mpaka madzulo, magetsi n'kuthimanso, ine n'kuweruka.

Lachitatu ndinasamukira ku package ina ya mabokosi, tcolorbox ya Thomas Sturm. Chimene ndimaikondera n'chakuti simukhudza zimene mwini wake analemba. Lamulo la \tcolorboxenvironment limangokuta theorem yomwe ilipo kale, manambala ake osasokonekera. Mumaikapo blanker kuti bokosi lisaoneke, breakable kuti lizitha kuwolokera tsamba lina, kenako borderline west, womwe ndi mzere uja. Koma bokosi losaoneka ndi bokosi ndithu, ndipo lili ndi khalidwe lake. Footnote ya m'kati mwa theorem inasiya kupita pansi pa tsamba, inakakhala pansi pa bokosi, nambala yake itasanduka chilembo a. Chithunzi chimene a Dokotala anachiika m'kati mwa lemma, ka theorem kothandizira, chinaimitsa zonse ndi uthenga wakuti "Not in outer par mode", chifukwa figure yoyandama, imene LaTeX imaisankhira yokha malo pa tsamba, siloledwa m'bokosi. Chithunzicho ndinachitulutsa panja. Footnote ndinaigawa pawiri, \footnotemark m'kati, \footnotetext kunja, imodziimodzi pamanja.

Pofika Lachinayi ndinali wonyada. Mzere wotuwa, wopyapyala, nditaukankhira kunja m'mphepete kuti mawu a theorem ayambire pamodzi ndi ndime zina zonse. Ndinasindikiza masamba khumi n'kupita nawo kwa mayi wina amene amachita fotokope pafupi ndi msika, kumene ophunzira amapita. Ndinawapempha kuti akope, kenako akopenso kopeyo.

"Bambo, mukufuna kuononga ndalama?"

Ndinati ayi mayi, ndikuyesa chinthu. Pa kope yoyamba mzere unasanduka timadontho. Pa yachiwiri unalibepo. Atawamanga masambawo ndi sipairo, mabowo anadutsa pomwe mzere unayenera kukhala. Ntchito ya masiku atatu inathera m'manja mwa mayi aja m'mphindi zisanu, iwo osadziwa n'komwe.

Ndinabwerera n'kuchotsa kutuwa konse. Mzere ndinauda bii, makulidwe 1.5pt, ndiye kuti pafupifupi theka la milimita. Ndinaulowetsa m'kati, mawu a theorem n'kusunthira kumanja ndi 8pt. Pa kompyuta ukuoneka wolemera pang'ono, sindikana. Definition ndinaipatsa mzere wodukaduka, popeza mitundu singathandize munthu amene pepala lake ndi lakuda ndi loyera.

Lachisanu a Dokotala anatembenuza masamba mwakachetechete, kenako anati tiikenso mzere pa ma proof. Apa ndinakana. Proof zawo zina zimatenga masamba awiri, ndipo mzere ukakhala paliponse diso limasiya kuuona. Komanso amsthm imaika kale kabokosi kakang'ono kumapeto kwa proof iliyonse. Ndinangowasonyeza malo anayi pamene proof inathera pa equation, kabokosiko n'kugwera pa mzere wakewake pansi, ndipo ndinaikamo \qedhere kuti kakwere.

Anatenga kope ya mayi aja, osati yanga yoyera ija, n'kuiika m'chikwama kuti akaionetse kalasi Lolemba.