Boti la thanga la ku Mangochi: zimene ndapeza nditaligogoda

Nkhani yanga yofuna kugula boti yafika penapake. Cholinga sichinasinthe: ndikufuna boti la thanga lokhala ndi kachipinda kogona, loti n'kunyamuka nalo pa Monkey Bay, kukagona ku Cape Maclear, m'mawa mwake n'kuwolokera ku Senga Bay. Anzanga kuno ku Zomba akuti ndizingoliyendetsa pa Chilwa poti ndi pafupi. Nyanja yosaya, imene inaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso mu 2018, boti la keel, chitsulo cholemera chotsikira kunsi kwa boti, likayendamo bwanji?

Loweruka lapitali ndinakaona lina cha ku Mangochi, la faiba, lotalika pafupifupi mamita 8, lopangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1980. Ndinapemphiratu kuti ndikalipeze lili pamtunda, pa thirela, chifukwa mavuto odula ambiri amakhala kunsi kumene madzi amabisa.

Vuto lililonse limene ndapeza ndikumalifunsa funso limodzi: kodi likonzedwa ndi amisiri athu konkuno, kapena lifuna katundu wochokera ku Durban kapena Cape Town? Penti yosuluka, makushoni ong'ambika, zitseko za makabati zofufuma, izi sizindiopsa, akalipentala ndi matelala a ku Chinamwali athana nazo. Koma chimene chikufuna madola, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, kuonjezapo thiransipoti ndi msonkho, chikhoza kuposa mtengo wa boti lenilenilo.

Ndinayamba ndi kugogoda. Ndinatenga chigwiriro cha sikuludiraiva n'kumamenya pang'onopang'ono thupi lonse ndi pamwamba poyenda anthu, monga amachitira amayi pamsika akafuna kumva ngati mphika wadothi uli ndi mng'alu. Pabwino pamalira mokuthwa, powola pamangoti phu phu. Maboti ambiri a nthawi imeneyo, pamwamba pake anaika thabwa lopepuka la balsa kapena pulayiwudi pakati pa zikhatho ziwiri za faiba. Madzi akalowera pabowo la bawuti, thabwalo limawola m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Pafupi ndi tsinde la mlongoti ndinapeza malo otere, ndipo nditapondapo ndinamva kunepa. Apa ndi pomwe pamatsamira mphamvu yonse ya mlongoti, ndiye si poti n'kungopakapo penti ayi. Komabe ntchito yake ndi yocheka faiba, kuchotsa chowolacho, kuumitsa n'kumatanso, ndipo amisiri okonza maboti a faiba kunyanja alipo.

Kunsi kuli matuza. Ndinaboola limodzi, mwiniwake atavomera, munatuluka timadzi tonunkha viniga. Ndi matenda a faiba yakale yokhalitsa m'madzi, ndipo madzi opanda mchere komanso ofunda ngati a m'nyanja yathu amawafulumizitsa kusiyana ndi a m'nyanja yamchere yozizira. Matuzawo ndi aang'ono ndipo ndi otalikirana. Boti silingamire nawo, koma ndi pogwira pokambirana mtengo.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa zitsulo. Keel, chitsulo cholemera chija cha kunsi chimene chimateteza boti kuti lisagudubuzike, inamangidwa ndi mabawuti amene mitu yake imaoneka ukatsegula matabwa a pansi m'chipinda. Ndinaunika ndi tochi kufuna mizere ya dzimbiri ndi ming'alu yozungulira manati, kenako kunja pamene keel yalumikizana ndi thupi, poti mng'alu kutsogolo kwake kawirikawiri umatanthauza kuti boti linagundapo mwala. Sindinapeze kanthu, koma mtima sunakhazikike. Chitsulo cha stainless chimadyeka mobisa pamalo ponyowa pomwe mpweya sufika, ndiye mutu ukhoza kunyezimira chikhalirecho m'kati mwatha. Chimodzimodzinso timapuleti timene timagwira mawaya a mlongoti, pomwe taboola pamwamba pa boti kulowa m'kati. Kumbali ya kumanzere, thabwa limene puleti yamangidwapo lili ndi banga lakuda la madzi.

Ndinawafunsa eni ake kuti, "Bambo, mawayawa munasintha liti?" Iwo anati, "Achimwene, ndinawapeza chomwecho." Akatswiri ambiri amalangiza kusintha mawaya amenewa pakatha zaka 10. Nditayendetsa kansalu pa waya mmodzi, kanakodwa pa kachingwe koduka pafupi ndi kumapeto. Kamodzi kokhako n'kokwanira: onse ndi osintha. Amene anakumanapo ndi mwera wa mu June kapena July pakati pa nyanja sangatsutse. Mlongoti ukagwa mafunde ali m'mwamba, palibe zoimbira mekaniki.

Matanga ndinangokanda ulusi wa m'misoko ndi chikhadabo. Thanga lakutsogolo ulusi wake unayoyoka, dzuwa linaupsereza. Lalikulu likadalimba.

Injini ndi Yanmar ya silinda imodzi. Ndinawauziratu kuti asailize ndisanafike, popeza injini yotopa imavuta kudzuka ikazizira koma ikatenthedwa kale imanamiza. Titaipatsa madzi oiziziritsa a mu ndowa, inalira msanga, utsi wabuluu umene umasonyeza kuti ikuwotcha oyilo sunaoneke, ndipo oyilo wake ndi wakuda, osati wotuwa wosakanikirana ndi madzi. Mavavu olowetsa madzi a kunsi, imodzi inauma osatembenuka, ndipo nditaipala chitsulo chake n'chofiirira, chizindikiro choti zinki wosakaniza m'chitsulocho anatha ndipo ikhoza kuthyokera m'manja. Tsigiro ndinaligwedeza, likusewera pang'ono.

Mapepala a mmene botili linalowera m'dziko muno ndi a umwini akuti awafufuza. Popanda amenewo sindipereka ngakhale tambala.

Ndiye pamene ndafika ndi apa. Mawaya, thanga lakutsogolo ndi mavavu ndi za madola, ndatumiza kale miyeso yake kuti andiuze mitengo, ndipo zonsezo ndizichotsa pa mtengo umene anatchula. Ndawapemphanso kuti timasule puleti ya kumanzere ija ndi nati imodzi ya keel ndione ndi maso. Akavomera, tikaliika m'madzi mwera usanayambe ndimve mmene likuyendera ndi mphepo. Akakana, ndamva kuti ku Salima kulinso lina.